Mmene mungayambire ntchito yolemba ndi kufalitsa nkhani za nyimbo za country muli ku Blantyre

Aliyense amene anakulira mumzinda wa Blantyre, kaya ku Ndirande, ku Chilomoni, ku Bangwe kapena ku Zingwangwa, anamvapo mawu a Jim Reeves kapena a Don Williams akuchokera pa wailesi ya nyumba yoyandikana nayo Lamlungu masana, anthu atabwerako kutchalitchi. Nyimbo za country zinazika mizu kuno kalekale, moti ambiri mwa ife sitiziona ngati zachilendo. Timazimva m'mabasi a ulendo wautali, m'malo ometera tsitsi, m'galimoto za abambo achikulire, ngakhalenso pa madyerero a ukwati pamene akuluakulu apempha kuti phokoso lichepe kuti nawonso avineko modekha. Chodabwitsa n'chakuti mukatsegula masamba a zamsangulutso m'nyuzipepala zathu, nkhani za chamba chimenechi sizipezeka kawirikawiri, ndipo zochepa zimene zimatuluka zimakhala zotengedwa pa intaneti tsiku limene woimba wotchuka wamwalira. Omvera alipo ambiri koma olemba ndi ochepa, ndipo wachinyamata amene akufuna ntchito ya utolankhani kapena yofalitsa mbiri ya oimba ayenera kuuona mpata umenewu.

Ntchito zimene ndikufotokoza pano ndi ziwiri, ndipo ndi bwino kuzisiyanitsa pachiyambi pomwe. Yoyamba ndi ya mtolankhani wa zanyimbo, amene amamvetsera, kufunsa, kufufuza ndi kulemba kapena kuulutsa zimene wapeza. Iyeyu amalembedwa ntchito ndi nyuzipepala, wailesi kapena kanema, ndipo amene amawatumikira ndi owerenga ndi omvera. Yachiwiri ndi ya munthu amene ku America amamutcha publicist, amene ine ndizimutcha mneneri wa woimba, monga momwe timanenera mneneri wa apolisi kapena wa unduna. Iyeyu amalipidwa ndi woimba, kampani yojambula nyimbo kapena okonza phwando la nyimbo, ndipo udindo wake ndi kuonetsetsa kuti atolankhani adziwe za woimbayo, acheze naye, ndiponso kuti dzina lake limveke pa nthawi yoyenera. Zipangizo zawo n'zofanana: foni, kompyuta, kope, manambala a anthu ambiri ndi luso lolemba chiganizo chomveka. Koma mabwana awo ndi osiyana, ndipo pafupifupi mavuto onse amene ndawaona m'ntchitozi amayamba munthu akaiwala kuti akutumikira ndani.

Chamba cha country chinakula limodzi ndi ntchito ziwirizi. Pulogalamu ya Grand Ole Opry, imene ndi chimake cha nyimbozi mumzinda wa Nashville m'chigawo cha Tennessee, inayamba mu 1925 pa wailesi ya WSM, ndipo amene anaiyambitsa, George D. Hay, anali mtolankhani wa nyuzipepala ku Memphis asanalowe m'zoulutsa mawu. Wailesiyo inali ya kampani ya inshulansi imene inkafuna kuti dzina lake lifike m'makomo a anthu wamba. M'zaka za m'ma 1970, mayi Hazel Smith, amene ankafalitsa mbiri ya oimba pa situdiyo ya abale a kwa Glaser, anafunsidwa dzina loyenera nyimbo za Waylon Jennings, Willie Nelson ndi anzawo, popeza zinali zosiyana ndi zimene makampani aakulu ankajambula, ndipo anasankha liwu lakuti outlaw, kutanthauza munthu wosagonjera malamulo. Dzinalo linakhazikika, ndipo chimbale cha mu 1976 chimene chinatenga liwulo pamutu pake chinakhala choyamba m'chamba cha country kulandira umboni wakuti chagulidwa makope 1 miliyoni. Mawu ofotokozera a pachikuto chake anawalemba ndi mtolankhani Chet Flippo wa magazini ya Rolling Stone. Mayi Smith nawonso pambuyo pake anadzatchuka monga mlembi wa nkhani za oimba.

Khutu liyambe, cholembera chitsatire

Munthu sangalembe bwino za nyimbo zimene sanazimvetsere mpaka kuzidziwa ngati njira ya kwawo. Kukonda nyimbo khumi za Don Williams ndi chiyambi chabwino, koma mkonzi kapena woimba amazindikira msanga ngati chidziwitso chanu chathera pomwepo. Patulani miyezi ingapo kuti mumvetsere motsatira zaka, ndipo mukhale ndi kope lolembamo dzina la woimba, chaka, wopeka nyimbo, wojambula ndi kampani imene inatulutsa. Yambirani mu 1927, pamene Ralph Peer anajambula Jimmie Rodgers ndi banja la a Carter m'tauni ya Bristol. Pitirirani kwa Hank Williams, amene anamwalira pa 1 Januwale 1953 ali ndi zaka 29 zokha koma nyimbo zake zikuimbidwabe, kenaka mufike pa kaimbidwe kofewa kamene Chet Atkins ndi Owen Bradley anakonza ku Nashville kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, kochepetsa kulira kwa zida zakumudzi n'kuikamo mavayolini ambiri ndi mawu a oimba othandizira. Kaimbidwe kameneka, kamene timakamva mwa Jim Reeves ndi Patsy Cline, ndi kamene kanafika kwambiri m'makutu a makolo athu, n'chifukwa chake Mmalawi wachikulire akamati country amatanthauza nyimbo yodekha ya mawu omveka bwino. Mukatero mumvetsere za ku Bakersfield ku California za Buck Owens ndi Merle Haggard, bluegrass ya Bill Monroe, nyengo ya Garth Brooks m'zaka za m'ma 1990, mpaka kudzafika kwa oimba a lero monga Chris Stapleton, Luke Combs ndi Lainey Wilson.

Musadumphe mbali ya anthu akuda m'mbiriyi, chifukwa owerenga a kuno ambiri sanauzidwepo za iyo. Banjo inachokera ku zoimbira za zingwe zimene akapolo ochokera kumadzulo kwa Africa ankadziwa kupanga. DeFord Bailey, woimba harmonica, anali mmodzi mwa akatswiri oyambirira a Grand Ole Opry. Charley Pride anasankhidwa kukhala msangalatsi wopambana wa chaka ndi bungwe la Country Music Association mu 1971, ndipo mu 2025 Beyoncé analandira mphoto ya Grammy ya chimbale chopambana cha country, zimene zinautsanso mtsutso wakale wakuti eni ake a chambachi ndani.

Cholakwa chimene ndimachiona kwambiri mwa olemba ongoyamba kumene ndi kuganiza kuti woimba ndiye wopeka. Ku Nashville kupeka nyimbo ndi ntchito payokha, ndipo alipo anthu amene amadzuka m'mawa uliwonse kupita ku ofesi kukapeka nyimbo zoti ena aimbe. Nyimbo ya The Gambler, imene kuno timaidziwa ndi mawu a Kenny Rogers, anaipeka ndi Don Schlitz, pomwe I Will Always Love You, imene ambiri amaiyesa ya Whitney Houston, anaipeka ndi kuyamba kuiimba ndi Dolly Parton. Tchulani wopeka nthawi zonse. Phunziraninso kusiyanitsa ndi khutu gitala ya pedal steel, imene imalira ngati munthu wodandaula, vayolini imene oimba country amaitcha fiddle, banjo ndi mandolin, chifukwa kuunika nyimbo kumafuna kuti munene chimene mwamva ndi pamene mwachimva, osangoti nyimbo ndi yokoma.

Chingerezi chanu chikhale cholimba, popeza zolembedwa zambiri za chambachi zili m'chilankhulo chimenecho, koma musapeputse Chichewa. Nyimbo za country ndi nkhani: za munda, za mayi, za mowa, za banja lotha, za ndende, za sitima, za umphawi ndi za Mulungu. Omvera ambiri kuno amakonda kamvekedwe kake koma sanamvepo wina akuwafotokozera nkhani yonse ya m'nyimbomo m'chilankhulo chawo, ndipo woulutsa mawu amene angathe kuchita zimenezi mwaluso, mopanda kupotoza tanthauzo, amapeza omutsatira okhulupirika.

Maphunziro ndi khomo lolowera

Amene ali ku Blantyre ali pabwino, chifukwa sukulu ndi nyumba zambiri zofalitsa nkhani zili pompano. Malawi Institute of Journalism imaphunzitsa utolankhani ndipo ili ndi wailesi yakeyake ya MIJ FM, MUBAS, imene kale inali Polytechnic, ili ndi maphunziro a digiri a utolankhani, ndipo ku University of Malawi ku Zomba kuli maphunziro a zofalitsa nkhani ndi a nyimbo. Pa Ginnery Corner pali Times Group ndi Nation Publications Limited, ku Chichiri kuli MBC, ndipo mumzinda momwemu muli Capital FM ndi mawailesi ena angapo. Nthawi ya attachment, yokaphunzira ntchito kunyumba yofalitsa nkhani, ikakwana, pemphani mwachindunji kuti akuikeni ku gawo la zaluso ndi zamsangulutso.

Ndinene mosabisa kuti palibe mkonzi kuno amene angakulembeni ntchito yolemba za country zokha. Mudzalemba za nyimbo zauzimu, za reggae ya ku Chileka, za zisudzo, za ndakatulo ndi za oimba achinyamata a m'tauni, ndipo n'zoyenera kutero, chifukwa ndi mmene dzanja limakhwimira. Country ikhale gawo limene anzanu onse m'chipinda cholembera nkhani akudziwa kuti ndi lanu, kuti nkhani yake ikabuka mkonzi aitane inu. Popita kwa mkonzi koyamba musapite ndi pempho la ntchito lokha, koma mutenge nkhani yomaliza kale ya mawu pafupifupi 600, yokhala ndi chithunzi chimene muli ndi chilolezo chochigwiritsa ntchito. Ku wailesi tengani chitsanzo chojambulidwa cha mphindi 15 cha pulogalamu imene mukuiganizira, ndipo ngati mwapeza kale kampani yofuna kuithandiza ndi ndalama, makutu a akuluakulu amatseguka msanga. Tsamba lanu la pa Facebook kapena pa YouTube lingakuthandizeni kuonetsa luso, bola mukumbukire kuti nyimbo za eni ake zimatetezedwa ndi malamulo a umwini ndipo kuziika zathunthu popanda chilolezo kungatseketse tsambalo.

Nkhani zimene zili pakhomo panu

Apa ndi pamene ndikufuna kuti mukhalitsepo, chifukwa ndi pamene pali chuma chanu. Simungapambane mtolankhani wa ku Nashville polemba za chimbale chatsopano cha woimba amene iye amakumana naye m'misewu ya Music Row, dera la makampani a nyimbo mumzindawo. Koma iyeyo sangathe kukwera minibasi pa Limbe kupita ku Thyolo, ku Chiradzulu kapena ku Mulanje kukakhala pakhonde ndi agogo amene anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela kapena ku Theba, n'kubwerako ndi galamafoni, mbale za nyimbo ndi gitala. Jim Reeves anakaimba ku South Africa mu 1962, anabwereranso mu 1963 kukajambula filimu, ndipo anaimbako nyimbo m'chilankhulo cha Afrikaans asanafe pa ngozi ya ndege mu 1964. Zaka zimenezo Amalawi ambiri anali kumeneko ndi ku Rhodesia. Don Williams anakaimba ku Harare mu 1997, ndipo n'zotheka ndithu kupeza mumzinda uno munthu amene ankakhala ku Zimbabwe nthawi imeneyo. Aliponso oulutsa mawu amene anapuma pantchito atayendetsa mapulogalamu a nyimbozi kwa zaka zambiri, amene amakumbukira makalata a omvera ndi nyimbo zimene zinkapemphedwa sabata ndi sabata. Anthu amenewa akukalamba, ndipo zimene akudziwa sizinalembedwe mokwanira.

Pocheza nawo pitani ndi ulemu wa kwathu. Musafikire pa mafunso, koma muyambe mwalonjerana, mufotokoze kuti ndinu mwana wa kuti ndipo mwadzera chiyani, kenaka mupemphe chilolezo musanayatse chojambulira mawu. Funsani zinthu zogwirika: “Agogo, mbale yoyamba munaigula m'tauni iti, ndipo munalipira zingati? Munkaimvera ndi ndani, ndipo mutabwerera kuno kumudzi anthu anailandira bwanji?” Funso lotere limabweretsa chaka, malo ndi dzina, pomwe funso lakuti amamva bwanji akamamvera country limabweretsa yankho limene aliyense angapereke. Lembani dzina la munthu ndi la mudzi wake monga mwini wake akufunira, muwerengereni kuti atsimikize, ndipo zaka zimene watchula muzifufuzenso kwina, chifukwa chikumbumtima cha munthu chimasakaniza nyengo. Safunsa anadya phula. Nkhani ikatuluka, bwererani ndi nyuzipepala kukawaonetsa.

Chenjezo limodzi ndi lakuti musathamangire kutcha country nyimbo iliyonse ya gitala kapena banjo ya kuno. Allan Namoko wa ku Thyolo, abale a kwa Kachamba a ku Chileka ndi Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu ali ndi kaimbidwe kawokawo kamene kali ndi mizu yake, ndipo kuwaveka dzina lachilendo kuti nkhani igulidwe kunja n'kuwalakwira. Chimene mungachite ndi kufufuza moona mtima pamene njira ziwirizi zinakumana ndi pamene zinasiyana, ndipo nkhani yotero ndi yokoma kuposa yongofanizira.

Akonzi a kunja ali ndi chidwi ndi nkhani za country ya mu Africa. Sir Elvis wa ku Kenya walembedwapo m'manyuzipepala aakulu, Dusty & Stones a ku Eswatini anajambulidwa filimu yofotokoza ulendo wawo wa ku America, ndipo Peter One wa ku Côte d'Ivoire anaimba pa Grand Ole Opry mu 2023. Powalembera akonzi otere, imelo yanu ikhale ya ndime zitatu zazifupi: nkhani ndi yotani ndipo mwalankhula kale ndi ndani, n'chifukwa chiyani ikuyenera kutuluka tsopano, ndiponso inu ndinu ndani, pamodzi ndi nkhani ziwiri kapena zitatu zimene munalembapo. Mugwirizane za malipiro, kutalika kwa nkhani ndi tsiku loiperekera musanayambe ulendo, ndipo tsikulo mulisunge zivute zitani.

Ngati mwasankha kukhala mneneri wa woimba

Ku Nashville ntchito zimagawidwa bwino lomwe: manijala amayang'anira moyo wonse wa ntchito ya woimba, ena amasaka malo okaimba, ena amakopa mawailesi kuti aziika nyimbo, ndipo mneneri amaona za atolankhani ndi makanema. Kuno kawirikawiri munthu mmodzi amasenza zonsezi, choncho chinthu choyamba ndi kulemba mgwirizano umene ukunena ntchito zimene mwavomera, nthawi yake, malipiro anu, ndi amene adzalipire mayendedwe, zithunzi ndi bandulo. Ngakhale woimbayo ndi mnzanu wa kutchalitchi kapena msuweni wanu, lembani ndipo nonse musayine. Ndalama zizidutsa ku banki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti pakhale umboni. Mumgwirizanomo musalonjeze kuti nkhani idzatuluka patsamba loyamba, chifukwa chigamulo chimenecho ndi cha mkonzi. Lonjezani zimene zili m'manja mwanu, monga chiwerengero cha atolankhani amene mudzawafikire ndi lipoti la zimene zatuluka.

Musanaimbire mtolankhani aliyense, konzani phukusi la woimba wanu. Mukhale mbiri yake ya tsamba limodzi yolembedwa m'Chingerezi ndi m'Chichewa, zithunzi zooneka bwino zingapo, zoimirira ndi zopingasa, zokhala ndi dzina la wojambula, nyimbo zojambulidwa bwino, mawu a nyimbozo, ndi mayina a opeka, oimba zida ndi situdiyo. Mbiriyo inene zinthu zimene mtolankhani angazigwire: kumene woimba anabadwira, amene anamuphunzitsa gitala, ntchito imene amagwira masana, ndi chimene chinamuchititsa kusankha chamba chimenechi. Mawu onga akuti katswiri wosayerekezeka achotseni onse, chifukwa mkonzi amawafufuta asanawerenge n'komwe chiganizo chachiwiri. Onetsetsaninso kuti woimbayo analembetsa nyimbo zake ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso limene linakhazikitsidwa mu 1992, kuti nyimbo zikayamba kuulutsidwa apezepo kanthu.

Chikalata chopita kwa atolankhani chiyankhe m'chiganizo choyamba kuti ndani akuchita chiyani, liti ndiponso kuti. Mtengo wolowera pakhomo, nthawi yoyambira ndi nambala yanu zikhale poonekera. Musachitumize kwa anthu 50 nthawi imodzi m'gulu la pa WhatsApp n'kukhala pansi kudikira. Werengani nyuzipepala ndi kumvera mawailesi kwa mwezi wathunthu kuti mudziwe amene amalemba zotani, ndipo aliyense mumulembere payekha, momutchula dzina ndi momuuza chifukwa chake nkhaniyi ikumuyenera iyeyo. Wina mungamupatse mwayi woyamba kucheza ndi woimba, wina woyamba kuulutsa nyimbo, koma mukalonjeza munthu kuti nkhani ndi yake yekha, musaipereke kwa wina mseri.

Nthawi ndi theka la ntchitoyi. Yambani masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu tsiku lokhazikitsa chimbale lisanafike, ndipo dziwani kuti masamba a zamsangulutso a nyuzipepala za kumapeto kwa sabata amakonzedwa kukadali masiku, moti chikalata chofika Lachisanu madzulo chachedwa kale. Kuyambira mu 2015 makampani a nyimbo padziko lonse amatulutsa nyimbo zatsopano Lachisanu, ndipo ngati woimba wanu akuika nyimbo pa Spotify kapena pa Apple Music ndi bwino kutsatira mwambo womwewo. Pa phwando lenilenilo ganizirani za mzinda wathu: anthu amakhala ndi ndalama kumapeto kwa mwezi, phwando lapabwalo limavuta m'miyezi ya mvula, ndipo tsiku limene Bullets ikukumana ndi Wanderers si tsiku loitanira anthu kwina. Okonda country ambiri ndi achikulire, amafuna mpando, nthawi yosungidwa, zokuzira mawu zosaboola makutu ndi kubwerera kunyumba kusanade kwambiri, ndipo amafikiridwa mosavuta kudzera pa wailesi ndi m'magulu a kuntchito kapena a kumpingo kusiyana ndi pa TikTok. Kwa woimba wongoyamba, holo yaing'ono yodzaza imapereka chithunzi ndi nkhani yabwino kuposa Comesa Hall kapena Robin's Park yokhala ndi mipando yopanda anthu.

Woimba mumukonzekeretse asanalowe mu situdiyo ya wailesi. Mugwirizane mfundo zitatu zimene ayenera kuzinena ngakhale mafunso atapita kwina, mufike mphindi 30 nthawi isanakwane, ndipo macheza akayamba inu mukhale chete. Zinthu zikavuta, monga phwando likalephereka kapena woimba akapezeka m'nkhani yochititsa manyazi, yankhani foni, nenani zochepa zimene mwatsimikiza, ndipo musaname. Chaka china mnyamata wina amene ankayankhulira woimba anandiimbira kundiuza kuti woimba wakeyo waitanidwa kukaimba ku Nashville. Nditapempha kalata yomuitana, masiku anadutsa osaoneka, ndipo pomaliza zinadziwika kuti panali kukambirana chabe pa Facebook ndi munthu wosadziwika bwino. Woimbayo anali waluso ndithu, koma kuyambira pamenepo chikalata chilichonse chochokera kwa mnyamatayo chinkayamba chakayikiridwa, ndipo amene anavutika kwambiri ndi woimba amene sanalakwe kanthu.

Mapanga awiri avumbwitsa

Chifukwa malipiro a atolankhani ndi ochepa, ambiri amayesedwa kugwira ntchito ziwirizi nthawi imodzi: masana kulemba nkhani, madzulo kulandira ndalama kwa woimba yemweyo amene akumulemba. Vuto la ndalama ndi lenileni ndipo sindikulipeputsa, koma owerenga amanamizidwa akamawerenga chitamando cholipiridwa ngati kuti ndi kuunika kwa mtolankhani. N'chimodzimodzinso ndi chipondamthengo, kandalama kamene kamaperekedwa pamsonkhano wa atolankhani m'dzina la mayendedwe. Amene wakalandira amavutika kulemba kuti zokuzira mawu zinali zoipa kapena kuti woimba anafika mochedwa ndi maola awiri, ndipo mneneri amene wazolowera kukapereka amapeza kuti tsiku limene alibe, nkhani yake siituluka. Werengani malamulo a kagwiridwe ka ntchito a Media Council of Malawi, lowani m'bungwe la MISA Malawi ngati ndinu mtolankhani kapena la Public Relations Society of Malawi ngati ndinu mneneri, kuti mukhale ndi anzanu okulimbitsani. Kusamuka kuchoka ku ntchito imodzi kupita ku inzake n'kololedwa ndipo ambiri atero. Ngati zinthu zakukakamizani kugwira zonse ziwiri kwa kanthawi, muuzeni mkonzi wanu poyera, ndipo musalembe kapena kuulutsa chilichonse chokhudza woimba amene amakulipirani.

Kulumikizana ndi Nashville

Tsatirani zimene anthu a m'ntchitoyi amawerenga: Billboard ndi mindandanda yake ya nyimbo zotchuka, magazini ya MusicRow imene inayamba mu 1981, nyuzipepala ya The Tennessean, ndi gawo la country la Rolling Stone. Dziwani kalendala yawo. Country Music Association, imene inakhazikitsidwa mu 1958, imapereka mphoto zake kuyambira mu 1967, kawirikawiri mu Novembala, ndipo mu Juni imachititsa CMA Fest, imene inayamba mu 1972 ndi dzina lakuti Fan Fair. Bungweli limalandira mamembala a m'mayiko ena ogwira ntchito m'chambachi, ndipo lili ndi mphoto za atolankhani ndi oulutsa mawu a kunja kwa America. Nthawi ya ku Nashville imatsalira ndi maola 7 kuyambira mu Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndi maola 8 m'miyezi yotsalayo, choncho ofesi za kumeneko zimatsegulidwa ife tikuweruka, ndipo mwambo wa mphoto woyamba 7 koloko madzulo mu Novembala umakupezani 3 koloko m'bandakucha. Mtolankhani amene wadzuka nthawi imeneyo amakhala ndi nkhani yake pa wailesi m'mawa womwewo.

Kuti mucheze ndi woimba wa kumeneko mumadzera kwa mneneri wake, amene dzina ndi imelo yake zimapezeka pa tsamba la woimbayo. Yambani ndi opeka nyimbo ndi oimba amene akungotchuka kumene, chifukwa iwo amavomera mosavuta ndipo ambiri amadabwa ndi kukondwa akamva kuti ku Malawi kuli anthu omvera country. Nenani nyumba imene mukuimira, kuchuluka kwa omvera monga mwini wailesi amanenera, ndi mphindi zimene mukufuna, zimene siziyenera kupitirira 15. Tchajani foni ndi kompyuta, gulani bandulo yokwanira, ndipo mukhale ndi njira yachiwiri ya intaneti popeza magetsi angathe kuzima macheza ali pakati. Nkhani ikatuluka, itumizeni kwa mneneriyo tsiku lomwelo, chifukwa iye amasonkhanitsa zonse zolembedwa za woimba wake ndipo adzakukumbukirani akadzakhala ndi woimba wamkulu.

Amene akufuna kukaphunzira komweko angafufuze za Belmont University ku Nashville ndi Middle Tennessee State University ku Murfreesboro, zimene zili ndi maphunziro a bizinesi ya nyimbo. Ambiri kumeneko amayamba ngati othandizira, kusonkhanitsa nkhani zotuluka, kukonza mayina a atolankhani ndi kuperekeza oimba kumacheza, ndipo sukulu kapena kampani iliyonse idzafuna kuona zimene mwachita kale. N'chifukwa chake nkhani iliyonse imene mwalemba, pulogalamu imene mwaulutsa ndi chikalata chimene mwatumiza muzizisunga ndi tsiku lake, papepala ndi pakompyuta. Mawu a agogo aja a ku Thyolo ndi ku Chiradzulu muwasunge m'malo awiri osiyana, pamodzi ndi dzina, mudzi, tsiku ndi chilolezo chawo, popeza mkonzi wa kunja amene wavomera nkhani yanu angapemphe kumva yekha mawu amene mwawagwira asanaisindikize.